Msomali wa a Musataye

Sabata yatha chinakwana chaka chimwalirire a Lameki Chirwa, ndipo tsikulo tinalikumbukira awiri okha, ine ndi mkazi wawo. Sindikuimba mlandu munthu. Ino ndi nyengo yosankha fodya, mitu ya anthu ili pa mabelo, ndipo kuno kwa Kaluluma munthu akafa nthawi ya fodya amaliridwa mothamanga. Koma ine ndinagwira nawo ntchito zaka zambiri mu shedi ya kalabu yathu ya alimi, iwo akuyang'anira shediyo, ine ndikudinda mabelo pa jeke, makina opanikizira fodya. Ndaona kuti ndilembe zimene ndikudziwa zisanayambe kundithawa.

Dzina loti Lameki linkamveka kutchalitchi kokha. Ku shedi tonse tinkati a Musataye, ndipo iwo ankayankha. Anali munthu wamtali, wowonda, woyenda maso ali pansi ngati nkhuku yosaka chakudya. Kachingwe, kamsomali kopindika, chitsekerero cha botolo, zonsezo zinkalowa m'thumba la buluku. Nthawi yopuma, ife tikukukuta chinangwa, iwo ankakhala pa kampando kawo ka miyendo itatu kuseri kwa shedi n'kumawongola misomali pamwala. Mkazi wawo ankadandaula kuti kuchapa buluku la amuna awo n'kuika manja pangozi, chifukwa sanadziwe chimene chiwabaye tsiku limenelo. Mayi awo a Chirwa anali Mtumbuka, ndiye a Musataye akapsa mtima chilankhulo cha kuchikazi chinkatuluka chokha. Ukangoponya chinthu pansi, umangomva kumbuyo kwako: "Kutaya yayi, adada! Kutaya yayi!"

Tinkawaseka, ndipo ine ndinali patsogolo pa osekawo. Ndinawafunsapo tsiku lina ngati akusunganso mpweya umene apuma kale. Anandiyankha kuti akanakhala ndi chosungiramo akanayamba ndi wanga, poti ndimauwononga ndi zolankhula.

Shedi yathu kale inali dzala lokhala ndi denga. Zonse zinkasesedwera kuseri mulu umodzi, zinyenyeswa za fodya, majumbo, makatoni, matumba ong'ambika a feteleza, ndipo muluwo ukakula tinkautentha. Utsi wake unkalowa mu shedi momwemo, azimayi osankha fodya n'kumatsokomola mpaka misozi. Zinthu zinasintha chaka chimene mabelo athu anabwezedwa ku okushoni chifukwa m'kati mwake anapezamo ulusi wa pulasitiki wa matumba a feteleza. Manyazi anatigwira tonse. Pa msonkhano aliyense ankaloza mnzake. M'mawa mwake tinawapeza a Chirwa akudula migolo iwiri yakale pakati kuti ikhale inayi.

Apa m'pamene anayambana ndi wapampando wa kalabu. Wapampando ankafuna kuti pa migolopo alembepo ndi penti, m'Chingerezi, alendo akabwera aziona kuti ifenso tatsogola. A Chirwa anakana kwamtuwagalu. Anati alendo sasesa mu shedi muno, ndipo theka la amene amasesa silidziwa kuwerenga. Iwo anatenga waya n'kumangirira pa mgolo uliwonse chitsanzo cha chinthu choyenera kulowamo. Pa woyamba anamangapo phesi la fodya, pa wachiwiri kansanza ka thumba la feteleza, pa wachitatu chidutswa cha katoni, pa wachinayi chitini chophwanyika. Wapampando anati zikuoneka ngati zithumwa. Koma ngakhale gogo wosaona bwino ankangogwira chitsanzocho ndi dzanja n'kudziwa poponya.

Chimene chinkalowa m'migolomo sichinkathera momwemo. Zinyenyeswa za fodya zinkapita kudzenje kukawola, n'kukhala manyowa a m'munda wa chimanga. Ku nazale ya fodya ankaletsa, ati matenda a fodya amabwerera kwawo. Matumba a feteleza ankawachapa, azimayi n'kuwasoka pamodzi kukhala chinsalu chachikulu choyanikapo chimanga. Ulusi wosomoka ankaupota zingwe zomangira mbuzi, koma kuupotera kutali ndi fodya, pansi pa mtengo wa mango. Makatoni tinkayala pansi poika fodya wosankhidwa. Zitsulo zinkapita kwa mmisiri wokhoma mbaula ndi zidebe pa msika. Chiguduli chokutira belo chikang'ambika, iwo ankachisoka zigamba mpaka osadziwikanso kuti chiguduli chenicheni ndi chiti. Jumbo anailetseratu kulowa mu shedi. Chakudya tinkabwera nacho m'mbale yomanga pansalu ngati makolo athu, ndipo tinkang'ung'udza, koma mbuzi za m'mudzi woyandikana ndi shedi zinasiya kufa ndi majumbo m'mimba. Belo lathu silinabwezedwenso chifukwa cha ulusi.

Ndiye taganizani mmene mlendo ankadabwira akaona zotsatirazi. Munthu yemweyu, wotola ndi kaulusi komwe, anali ndi chinthu chimodzi chimene ankachiwononga ndi manja ake. Zinali zigubu za mankhwala, zija zimabwera ndi mankhwala ophera tizilombo pa nazale ndi m'munda. Amene sanakhale kumudzi sangamvetse kuti chigubu chotere n'chuma chotani. N'choyera, n'cholimba, chili ndi chogwirira, ndipo chitsekerero chake sichidontha ngakhale uchipendeke pa njinga. Mzimayi akachiona amaona kale mchere, mafuta ophikira, madzi opita nawo kumunda. A Chirwa ankachitsuka katatu, madzi otsukirawo n'kuwathira mu sipuleya kuti akathere kumunda. Kenaka ankachigoneka pa chitsa, n'kutenga msomali wawo waukulu, wautali ngati chikhatho, ndi hamala. Gu! pansi. Gu! m'mbali. Gu! m'mbali inayo. Akatero ankachiponya m'khola la waya limene anamanga okha, n'kukhoma loko.

Azimayi atsopano pa ntchito ankachita kugwira pakamwa. Wina, wochokera cha ku Wimbe, anawapempha mpaka kugwada.

"Agogo, chimodzi chokha. Ndikachitsuka ndi sopo, ndikachikwecha ndi mchenga, ndikachiyanika padzuwa sabata yathunthu."

"Ndikudziwa, mama," anatero a Chirwa. "Inenso ndinkatero."

Anachiboola iye akuona. Mayiyo anachoka akutukwana chapansipansi kuti nkhalamba youma manja, ndipo palibe amene anamudzudzula pamaso pa a Chirwa. Anzake anakamutengera pambali n'kumuuza nkhani ya Esinati.

Nkhaniyo ndi iyi. Zaka zoyambirira za migolo ija, zigubu sankaziboola. Zinali mphoto. Nyengo ikatha, a Chirwa ankazitsuka okha ndi sopo ndi phulusa, kuzikwecha ndi mchenga, kuziyanika padenga masiku ambiri, n'kumazinunkhiza chimodzichimodzi mpaka atakhutira kuti fungo latha. Akatero ankazigawa kwa amene asankha bwino fodya chaka chimenecho. Tinkawomba m'manja, azimayi n'kumaimba nthungululu. Iwo ankanyadira kwambiri tsiku limenelo, chifukwa kwa iwo chinali chimake cha ntchito yawo yonse: chinthu chimene ena akanatentha chikukatumikira pakhomo pa munthu.

Wosankha fodya woposa onse anali a Nambewe. Manja awo ankadziwa tsamba asanaliyang'ane n'komwe. Chaka chimenecho analandira chigubu chachikulu, chatsopano kuposa zonse, ndipo a Chirwa anachita kuwasankhira. A Nambewe anayamba kuthiramo thobwa popita kumunda. Thobwa likagonera limasasa, ndipo adokotala anadzatiuza pambuyo pake kuti mankhwala ena amalowerera m'pulasitiki momwemo, sopo sawafika, koma chakumwa chikakhalitsamo amatuluka. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, a Nambewe akupalira, mwana wawo wamkazi wa zaka zinayi, Esinati, anamva ludzu. Anapita pamthunzi pamene panali chigubu n'kumwa mmene mwana amamwera thobwa. Mayi ake anamwako pang'ono n'kubwerera ku khasu. Posakhalitsa mwana anayamba kusanza, dovu likutuluka, thupi lonse likunjenjemera. Anamukweza pa njinga yamoto, mayi ake naonso akusanza m'njira. Anafika naye kuchipatala akupumabe, koma dzuwa lisanalowe anali atapita.

Adokotala anafunsa chimene mwanayo anamwa, ndipo bambo ake anabwerera kukatenga chigubucho. Pepala la kampani, lolembapo dzina la mankhwalawo, linali litachotsedwa bwinobwino. A Chirwa ndi amene ankachotsa mapepalawo, kuti mphoto izioneka yaukhondo.

Pa maliro ndinakhala nawo pafupi. Sanalire, sanaimbe, ankangoyang'ana zikhatho zawo. Titabwera kumanda sanapite kwawo. Anatenga njinga n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, mudzi ndi mudzi, kulanda zigubu zonse zimene anagawa chiyambire. Ankakumbukira aliyense amene analandira. Ena anapereka msanga chifukwa cha mantha, koma ambiri anabisa. Ankati chawocho agwiritsa ntchito zaka zitatu ndipo palibe wafa, za kwa a Nambewe ndi tsoka chabe. A Chirwa ankakhala pansi pakhomopo osachoka mpaka chigubu chituluke. Kwina anawathira madzi otsukira mbale. Kwina mwamuna wa pakhomopo anawatulutsira chikwanje.

Kwathu anafika tsiku lachitatu. Ndinawauza kuti chathu chinasweka kalekale.

"Chabwino, adada," anatero. "Ndiye mundipatseko madzi akumwa. Koma atungidwe m'chimene amamwera ana anu."

Ndinalowa m'nyumba n'kutuluka nacho chigubucho. Mpaka lero ndikakumbukira bodza limenelo nkhope imanditentha.

Anasonkhanitsa mulu waukulu kuseri kwa shedi, ndipo tsiku limenelo m'pamene tinamva koyamba kulira kwa msomali uja. Anakhoma kuyambira m'mawa mpaka manja anatuluka matuza. Wapampando anati azingozitentha zithe. A Chirwa anati utsi wake ndi poizoni yemweyo, ndipo kukwirira n'kupatsira chitsime. Anavutitsa mlangizi wa zaulimi miyezi ndi miyezi, kumudikirira pa ofesi, kumutsatira m'misonkhano, mpaka anagwirizana ndi ogulitsa mankhwalawo kuti galimoto imene imabweretsa zodzaza izitenganso zopanda kanthu. Woyendetsa galimotoyo ankadana nazo. Kangapo konse anafuna kuchoka osanyamula, ndipo a Chirwa ankangoima kutsogolo kwa galimoto manja ali kumbuyo, ngati akudikira basi.

Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, mmodzi wa operekera chikho pa Mgonero. Lamulungu la Mgonero lotsatira anakhala pa benchi ya kumbuyo. Abusa anawayendera kunyumba, anawauza kuti sanachite dala, kuti Mulungu amaona mtima. Iwo anavomera zonsezo mwaulemu, koma anati dzanja lawo lisaperekenso chakumwa kwa mwana wa munthu. Sanaperekerenso chikho mpaka imfa yawo. Ngakhale ku shedi, ukawapempha kuti akupatsire kapu ya madzi, ankakulozera pamene pali ndowa.

Anapita ndi akuluakulu kukapepesa kwa a Nambewe. Bambo a mwana anawalandira, anati zinachitika basi, palibe anafuna. A Nambewe sanatuluke m'nyumba. Nyengo yotsatira anabwerera ku shedi, poti ana otsala ankafunika kudya, ndipo anakhala pamalo pawo pakale, pafupi ndi khomo lakuseri. Kuyambira pamenepo mpaka a Chirwa kumwalira, zaka khumi ndi chimodzi, sanawalankhule liwu ndi limodzi lomwe. Sankawatukwana. Zinyalala zawo ankaponya mu mgolo woyenera, osaphonya. Koma a Chirwa akapereka moni kwa onse m'mawa, a Nambewe ankangoyang'ana tsamba limene lili m'manja mwawo. A Chirwa naonso anaphunzira kuzungulira. Kuchoka pa jeke kupita ku khola la zigubu ndi mapazi ochepa ukadzera khomo lakuseri, koma iwo ankatulukira kumaso n'kuzungulira shedi yonse, mvula kaya dzuwa.

Chimene chinkandipweteka ine n'chakuti chitsa chokhomerapo chinali kuseri kwa khoma limene a Nambewe ankatsamira. Ndinawauzapo a Chirwa kuti asunthire chitsacho kutali, akumukumbutsa mayiyo tsiku ndi tsiku. Anati ngati a Nambewe atawatumizira mawu kuti asunthe, asuntha tsiku lomwelo. Ndikuganiza kuti ankalakalaka mawu amenewo. Ngakhale akanakhala mawu owathamangitsa, akanakhala mawu ndithu. Mawuwo sanabwere.

A Chirwa anadwala nthawi ya mvula, chifuwa chosamva mankhwala. Nditapita kukawaona ndinawapeza atatha, maso okha ndi amene anatsala. Anandifunsa ngati galimoto yabwera kudzatenga zigubu, ngati loko akugwirabe, ngati ana a sukulu sakusewera pafupi ndi khola. Ndinayankha zonse. Kenaka anafunsa chimene ankafuna kufunsa poyamba pomwe.

"A Nambewe akudziwa kuti ndagona?"

"Akudziwa."

"Ananenapo kanthu?"

Ndinafuna kunama, koma munthu ameneyu ndinali nditamunamiza kale kamodzi. Ndinapukusa mutu.

"Yewo," anatero. "Ali ndi ufulu."

Anamwalira patangopita masabata atatu, fodya atayamba kulowa mu shedi. Pa maliro a Nambewe anabwera, anatunga madzi pamodzi ndi azimayi anzawo, koma m'nyumba ya siwa sanalowe ndipo kumanda sanafike. Ndinawakwiyira, ndisabise. Ndinkati mumtima mwanga, kodi munthu alipire mpaka liti?

Tsono ife okwiyafe tinachita chiyani? Migolo inayi ija tinaisamala miyezi ingapo, kenaka jumbo inayamba kupezeka mu mgolo wa manyowa. Zigubu tinkangoziponya m'khola zosatsuka, zosaboola, aliyense akuganiza kuti aboola mnzake. Msomali unali pamalo pake, pa kabowo ka m'khoma pamwamba pa kampando, hamala ili pambali. Ndinkaudutsa tsiku lililonse. Loko anachita dzimbiri, wina anamuthyola, ndipo mwezi wathawu ndinaona kuti mulu wa zigubu watsika pamene galimoto sinabwere. Ndinadziuza kuti ndidzanena pa msonkhano.

Lachiwiri lapitali ndinafika ku shedi m'mamawa kuti ndidzoze jeke mafuta. Ndili m'kati ndinamva kuseri: gu! Ndinaika mafuta pansi. Gu! Ndinatuluka kukaona.

Anali a Nambewe. Anaima chowerama pa chitsa, chitenje atamanga m'chiuno, msomali kudzanja lamanzere. Pambali pawo panali sipuleya ndi ndowa ya madzi, ndipo zigubu zotsuka kale anazindandalika padzuwa. Zinayi mwa izo zinali ndi zingwe zomangidwa pa zogwirira, chizindikiro choti zinali zitafika kale m'makomo mwa anthu. Anali atakazilanda okha. Ankaboola pansi, m'mbali, m'mbali inayo, ndendende mmene ankachitira mwini wake.

"Mwadzuka bwanji, a Nambewe?"

"Ndadzuka. Chimodzi ndachipeza kwa mpongozi wanga, muli thobwa." Anakhoma kachiwiri. "Amuna onse a mu shedi muno manja anathyoka?"

Ndinaima pamenepo ngati mwana wogwidwa akuba ndiwo. Kenaka ndinafunsa kuti anaphunzira liti kachitidwe kake, poti sanayang'anepo ngakhale tsiku limodzi.

"Khoma ili ndi la njerwa imodzi," anatero. "Zaka zonsezi ndinkamva. Chigubu chilichonse ndinkachimva. Akakhoma katatu ndinkadziwa kuti mwana wa wina wapulumuka."

"Nanga bwanji simunawauze? Anafunsa za inu ali gone."

Anaika hamala pansi. Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Ndikawaona ndinkaona Esinati. Pakamwa pankalemera. Ndinkati ndidzawalankhula mawa." Anatolanso hamala. "Musandiyang'ane choncho. Kagwireni jeke wanu."

Ndinapita kukalira kuseri kwa mabelo, ine bambo wa imvi zanga.

Dzulo tagula loko watsopano, ndipo migolo taikonzanso, zitsanzo zake tamangirira zina. Makiyi akusunga a Nambewe. Palibe anawasankha, ndipo palibe anatsutsa. Ndinawauza kuti azikhala pansi pokhoma, msana ungawapweteke, mpando ulipo. Anakana.

Kampandoko kali pomwe anakasiya eni ake, kotsamira khoma, mwendo umodzi womangidwa ndi waya. Pamwamba pake pali fumbi la fodya, ndipo nkhuku yayamba kuikira mazira pansi pake. Mwala wowongolerapo misomali uli pambali, ndi chitini cha misomali yopindika imene sanathe kuiwongola. Kanjira kamene anapanga ndi mapazi awo pozungulira shedi, kuchokera kumaso mpaka ku khola, kamera udzu, moti amene sakudziwa sangakaone. Khomo lakuseri masiku ano limakhala lotsegula tsiku lonse. Kuchokera pamene amakhala a Nambewe kufika pa kampandoko ndinayesa dzulo, ndi mapazi asanu ndi awiri.